Kadamsana wa Angoni ndi Mphepo ya ku Dzuwa

Mwana aliyense amene wafika giredi 7 kuno ku Chipata amadziwa kuti Angoni anawoloka mtsinje wa Zambezi m'caka ca 1835. Koma kodi inu owerenga munayamba mwadzifunsapo kuti caka cimeneci tinacidziwa bwanji? Zwangendaba analibe mlembi, ndipo pa khamu lonse lija panalibe munthu wosunga kalendala. Mitundu yambiri ya muno m'Zambia, mukaifunsa nthawi imene makolo awo anafika pamalo pamene akukhala lero, imangoyerekezera powerenga maina a mafumu amene analowana ufumu. Koma Angoni amachula caka, mwezi, ngakhale tsiku lenileni.

Mboni yawo ili kumwamba. Akuluakulu a Cingoni anali kusimba kuti pa tsiku lowolokalo, kufupi ndi Zumbo pamene Luangwa amathira mu Zambezi, dzuwa linada usana ukadalipo, ndipo kunagwa mdima ngati usiku. Ena amawonjezera kuti Zwangendaba anamenya madzi ndi ndodo nagawikana monga zija za Mose, ena amati anthuwo anawolotsedwa m'mabwato ndi eni ake a dziko. Pa zimenezo anthu angatsutsane mpaka tambala kulira. Koma za mdimawo zinapezeka zoona. E. H. Lane Poole, mzungu wa boma la atsamunda amene anagwira nchito m'cigawo cino ca Kum'mawa, analemba nkhani mu 1930 yosonyeza kuti mdima umene nkhalamba zinali kunena unali kadamsana wa mu Novembala 1835. Akatswiri a zakuthambo amatha kuwerengera kadamsana wa zaka mazana zapitazo monga momwe amawerengera wa mtsogolo, pakuti mwezi susocera pa njira yake. Mabuku ambiri a mbiri amalemba 19 Novembala, pamene kuwerengera kwa masiku ano kumaika kadamsanayo pa 20 Novembala. Mpezeni, amene pambuyo pake anadzakhazikitsa Angoni kuno, anali kamwana pa tsikulo. Mau a akulu akoma akagonera ndithu.

Za kuwolokako mumazimva caka ndi caka ku Mtenguleni pa Nc'wala. Ine ndifuna tikambe za cinthu cimene cimaoneka pa mphindi zocepa zimene mwezi waphimba dzuwa lonse, cifukwa cinthuco cinavutitsa anthu ophunzira kwa zaka zoposa 100, ndipo pomaliza cinawabweretsa ndi makina awo m'dziko lathu lino.

Nkhata yoyera

Mwezi ukaphimba dzuwa lonse, sikuti kumwamba kumangoti bii basi. Mozungulira cimbale cakudaco mumaoneka kuwala koyera ngati mkaka, kokhala ndi timizere totambasukira uku ndi uku ngati nthenga za kumutu kwa wovina ingoma. Azungu kuwalako amakucha corona, liwu la Cilatini lotanthauza nkhata yaufumu yovala kumutu. Ndi liwu lomwelo limene anachulira kacilombo kaja ka mu 2020 cifukwa ca maonekedwe ake, koma ziwirizi palibe cibale. Ife tiziti nkhata ya dzuwa. Nkhatayi ilipo masiku onse, koma kuwala kwake n'kocepa kuwirikiza pafupifupi miliyoni tikakuyerekeza ndi nkhope ya dzuwa, conco imabisika monga ciphaniphani pambali pa moto wa m'chire.

Mu 1869 kunacitika kadamsana ku America, ndipo asayansi awiri, Charles Young ndi William Harkness, analozetsa pa nkhatayo cida cogawa kuwala m'mitundu yake monga utawaleza. Cida cimeneci n'cofunika cifukwa cinthu ciliconse cikatentha cimaonetsa mizere yakeyake ya kuwala, monga momwe munthu aliyense alili ndi cidindo cake ca cala. Iwo anaona mzere wobiriwira umene sunafanane ndi wa cinthu ciliconse codziwika pa dziko lapansi. Anthu anaganiza kuti apeza cinthu catsopano copezeka ku dzuwa kokha, nacipatsa dzina lakuti coronium. Dzinali linakhala m'mabuku zaka zambiri.

Amene anamasula mwambiwu ndi Walter Grotrian wa ku Germany mu 1939 ndi Bengt Edlén wa ku Sweden zaka zocepa zotsatira. Kunalibe coronium. Mzere wobiriwirawo unali wa citsulo, comweci cimene amasulira makasu, koma citsulo cimene catentha kwambiri kotero kuti pa maelekitironi 26 a atomu yake, 13 athothoka. Kuti zimenezi zicitike pamafunika kutentha koposa madigiri miliyoni imodzi. Tsono apa ndiye panabuka vuto lalikulu kuposa loyamba, pakuti nkhope ya dzuwa imatentha madigiri pafupifupi 5,500 cabe. Taganizani kuti mukuwotha mbaula m'mwezi wa Juni, ndiye mukasunthira kutali m'pamene mukupsa kwambiri. Ndi mmene zilili ku dzuwa.

Singano yosakhazikika

Panthawi yomweyo panali mwambi wina umene anthu sanadziwe kuti ndi mbale wa woyambawo. Oyendetsa zombo ndi oyeza malo anali ataona kuti singano ya kampasi siikhazikika. Masiku ambiri imangogwedezeka pang'ono, koma masiku ena imanjenjemera kwa maola ambiri popanda woikhudza. Mu 1852 Edward Sabine wa ku Britain anasonyeza kuti kunjenjemeraku kumaculuka ndi kucepa motsatira madontho akuda a pa dzuwa, amene nawonso amaculuka ndi kucepa pa zaka pafupifupi 11 zilizonse.

Pa 1 Sepitembala 1859, Richard Carrington anali kujambula madontho amenewa kunyumba kwake ku Redhill, kumwera kwa London, pamene anaona kuwala kwakukulu kukung'anima pakati pawo kwa mphindi zisanu. Pasanathe maola 18, singano za makampasi zinapenga pa dziko lonse. Mawaya a telegalafu, amene anali lamya ya masiku amenewo, anathetheka moto. Ena ku America anacotsa mabatire n'kumatumizabe mauthenga ndi magetsi ongobwera okha m'waya. Kuwala kwa mitundumitundu kumene kumaoneka usiku kumaiko ozizira a kumpoto kunafika mpaka ku Cuba ndi ku Hawaii. M'mwezi womwewo David Livingstone anali pa ulendo wokwera cigwa ca Shire, ndipo pakati pa mweziwo anafika pa nyanja ya Malawi. Mng'ono wake Charles, amene anali naye, anali atapatsidwa nchito yoyeza maginito a dziko m'dera la Zambezi, pakuti asayansi a ku London anali kusonkhanitsa miyeso yotere kucokera kumbali zonse.

Mwina mungaganize kuti zitacitika zimenezi aliyense anavomereza kuti dzuwa limakhudza maginito a dziko. Iyai. Mu 1892 Lord Kelvin, amene mau ake anali ngati lamulo pakati pa asayansi a ku Britain, anawerengera nanena kuti n'zosatheka, ndi kuti zinthu ziwirizi zimangocitikira pamodzi mwamwayi. Masamu ake analibe colakwa. Cimene sanadziwe n'cakuti pakati pa dzuwa ndi dziko si pululu monga anthu onse anali kukhulupirira.

Mnyamata wa ku Chicago

Eugene Parker anabadwa mu 1927 ku Michigan, m'dziko la America, ndipo mu 1955 anayamba nchito pa yunivesite ya Chicago. Sanali munthu wochuka. Analibe makina aakulu oonera nyenyezi. Zida zake zinali pensulo ndi pepala.

Zinthu ziwiri zinamusowetsa tulo. Coyamba cinali ca Ludwig Biermann wa ku Germany, amene mu 1951 anafufuza za nyenyezi za mcira. Mcira wa nyenyezi zimenezi umaloza kumbali yosiyana ndi dzuwa nthawi zonse, kaya nyenyeziyo ikupita kudzuwa kaya ikubwerako, ndipo Biermann anati payenera kukhala cina cocokera ku dzuwa cimene cimaukankha, monga momwe utsi wa pa dambwe la njerwa umakuuzirani kumene mphepo ikucokera. Caciwiri cinali ca Sydney Chapman wa ku Britain, mkulu wolemekezeka pa nkhani za maginito a dziko, amene anawerengera kuti nkhata ya dzuwa, pokhala yotentha conco, iyenera kutambasuka mpaka kupitirira dziko lathu, koma itangokhala phee osayenda.

Parker anaona kuti akulu awiriwa akunena cinthu cimodzi. Atalemba masamu ake anapeza kuti nkhata yotentha madigiri miliyoni siingakhale phee. Mphamvu yokoka ya dzuwa imaigwira pafupi, koma mukamatalikira mphamvuyo imafooka pamene kutentha kukadalipo, ndipo mpweyawo umapulumuka monga nthunzi ya mumphika wowira umene civundikiro cake calephera. Umayamba pang'onopang'ono, n'kumathamangirathamangira mpaka kufika makilomita mazanamazana pa sekondi imodzi. Sucoka pa nthawi ya kuphulika yokha, koma usana ndi usiku, kumbali zonse. Iye anaucha solar wind, mphepo ya ku dzuwa. Ananeneratunso kuti popeza dzuwa limazungulira, kamodzi pa masiku pafupifupi 27 tikaliona kucokera kuno, maginito ake amene mphepoyo imakoka ayenera kupindika ngati madzi a m'paipi pamene mwana wothirira dimba akuzungulira nayo.

Anatumiza zolembazo ku magazini ya asayansi yochedwa Astrophysical Journal. Mwambo wa magazini otere ndi wakuti nkhani imayamba yapita kwa akatswiri ena kuti aiweruze, ndipo akatswiri awiri amene anaiwerenga anaikana. Mwiniwake anali kusimba atakalamba kuti mmodzi wa iwo anamulangiza kuti ayambe wapita ku laibulale akawerenge asanalembe za nkhaniyi. Mkonzi wa magaziniyo anali Subrahmanyan Chandrasekhar, wocokera ku India, amene anadzalandira mphotho ya Nobel mu 1983. Iyenso maganizo a Parker sanamukomere kwenikweni, koma atayang'ana masamuwo sanapezemo colakwa, ndipo anasindikiza nkhaniyo mu 1958. Parker anali ndi zaka 31.

Mbali imeneyi ya mbiriyi ndimaikonda cifukwa ca mkonziyo. Kukhala wanzeru ngati Parker si kwa tonse. Koma mkulu amene ali ndi mphamvu yokana, amene anzake awiri akana kale, n'kunena kuti popeza colakwa sindikuciona mnyamatayu alankhule, ameneyo ndi wosowa, kaya ndi pa yunivesite, pa bwalo la mfumu kapena mu komiti ya acinyamata.

Kusindikiza sikunathetse mkangano. Wasayansi wina, Joseph Chamberlain, anawerengera mwa njira yake napeza kuti kulidi kamphepo, koma kayaziyazi, koyenda pang'ono. Panalibe njira yoweruzira mlanduwu pokhapokha kutumiza cida kumwambako. Zombo za Soviet Union zochedwa Luna zinamva tizinthu ta mphepoyo mu 1959, koma kwa kanthawi kocepa. Mlandu unatha mu 1962, pamene combo ca America cochedwa Mariner 2 cinali pa ulendo wa ku Venus. Cinanyamula cida coyezera cimene anali kuyang'anira ndi Conway Snyder ndi Marcia Neugebauer, mayi wa zaka 30. Kwa miyezi yoposa itatu cidaco cinayeza osaleka, ndipo mphepoyo siinaleke ngakhale tsiku limodzi. Liwiro lake linali pakati pa makilomita 400 ndi 700 pa sekondi. Kucokera pa Chipata kukafika ku Lusaka pali makilomita pafupifupi 570, ulendo umene basi imathera tsiku. Mphepo ya ku dzuwa ingadutse mtunda umenewo musanathe kunena kuti zikomo kwambiri.

Cishango

Nanga bwanji sitikuimva? Coyamba, mphepoyi ndi yopyapyala zedi. Pofika kuno, m'malo aakulu ngati nsonga ya cala mumakhala tizinthu tosakwana 10 masiku ambiri. Caciwiri, dziko lili ndi cishango.

Pansi pa mapazi athu, makilomita pafupifupi 2,900 kutsika, pamayambira nyanja ya citsulo cosungunuka. Citsuloco cimayendayenda pamene dziko likuzungulira, ndipo kuyendako kumapanga magetsi amene amasandutsa dziko lonse kukhala maginito aakulu. Ndi maginito amenewa amene amalozetsa singano ya kampasi kumpoto. Tizinthu ta mphepo ya ku dzuwa tili ndi magetsi, conco tikafika pa maginito a dziko timapatuka monga madzi a Luangwa pa mwala. Kumbali yoyang'ana dzuwa, mphepo imapanikiza cishangoco mpaka makilomita pafupifupi 65,000 kucokera pa dziko. Kumbali ya usiku imacikoka kukhala mcira wautali wopitirira kutali njira ya mwezi. Mu 1959 Thomas Gold anapatsa dera limeneli dzina lakuti magnetosphere.

Caka cimodzi m'mbuyo mwake, mu 1958, setilaiti yoyamba ya America, Explorer 1, inali itanyamula cida ca James Van Allen cowerengera tizinthu ta mumlengalenga. Pamalo ena cidaco cinali kungoti zii ngati cafa. Van Allen ndi ophunzira ake anazindikira kuti sicinafe, koma tizinthuto tinaculuka kwambiri mpaka cinalephera kuwerenga. Umu ndi mmene anapezera malamba awiri a tizinthu toopsa togwidwa m'maginito a dziko, amene mpaka lero amachedwa malamba a Van Allen.

Cishangoci sicili cotseka ngati khoma. Mu 1961 James Dungey wa ku Britain anafotokoza kuti mphepo ya ku dzuwa imabwera ndi maginito akeake, ndipo akafika ataloza kumwera amalumikizana ndi a dziko, khomo n'kutseguka. Mphamvu imalowa, imaunjikana mu mcira uja, kenaka imakhuthukira kumpoto ndi kumwera kwenikweni kwa dziko. Kumeneko imayatsa mpweya wa kumwamba, ndiye kuwala kuja kumene kunafika ku Cuba mu 1859. Cimene Lord Kelvin anati n'cosatheka cinali ndi njira yake. Wofuna kuona dziko lopanda cishango ayang'ane Mars. Maginito ake anazilala kalekale, ndipo mu 2015 combo cochedwa MAVEN cinayeza mmene mphepo ya ku dzuwa ikukokololera mpweya wocepa umene unatsalako.

Zonsezi zinali kucitika pamene ife tinali kumenyera ufulu. Mu 1964 Edward Mukuka Nkoloso, mphunzitsi ndi msilikali wakale, anauza atolankhani ku Lusaka kuti Zambia idzatumiza anthu ku mwezi, ndipo anali kuphunzitsa acinyamata ake powagubuduza m'migolo pa citunda. Dziko lonse linaseka. Anthu amatsutsanabe ngati mkuluyo anali kunenetsa kapena anali kunyogodola maiko olemera. Mulimonsemo, roketi tinalibe. Koma panali cinthu cina cimene maiko a maroketi sakanatha kugula, ndipo patapita zaka 37 anacita kucilondola kuno.

Lusaka, 21 Juni 2001

Pa tsikuli mthunzi wa mwezi unatera ku Angola, unadutsa Zambia, kumpoto kwa Zimbabwe, Mozambique, n'kukathera ku Madagascar. Unali kadamsana wathunthu woyamba wa zaka za m'ma 2000. Ku Lusaka mdima unagwa itangopitirira 3 koloko masana ndipo unakhala mphindi zitatu ndi masekondi angapo. Mthunziwo unadutsanso dera lomwe lija la Luangwa ndi Zumbo kumene Angoni anawolokera zaka 166 m'mbuyo mwake. Kuno ku Chipata tinali kunja kwa njira yake, conco makolo athu anaona dzuwa litatsala kacizenga, koma nkhata sanaione. Funsani akulu kunyumba, ambiri amakumbukira tsikulo ndi timagalasi takuda tija.

Pakati pa alendo zikwizikwi amene anafika panali asayansi amene sanabwerere kudzasangalala. Jay Pasachoff wa ku Williams College ku America anabwera ndi ophunzira ake kudzafunafuna comwe cimatenthetsa nkhata ya dzuwa. Gulu la NASA la Joseph Davila ndi Nelson Reginald linabwera ndi cida catsopano coyezera kutentha ndi liwiro la mpweya pamalo pomwe mphepo ya ku dzuwa imayambira. Panabweranso Shadia Habbal ndi gulu lake.

Mayi ameneyu anakulira ku Syria, anaphunzira ku yunivesite ya Damascus ndi ku Beirut, natsiriza maphunziro ake ku Cincinnati ku America. Pa nthawi ya kadamsana wathuyu anali pulofesa ku Aberystwyth m'dziko la Wales, ndipo mu 2005 anasamukira ku yunivesite ya Hawaii. Kuyambira mu 1995 ku India, wakhala akutsogolera gulu lolondola kadamsana kulikonse kumene wagwera, kaya ndi m'cipululu ca Libya mu 2006 kapena pa madzi oundana a ku Svalbard mu 2015. Gululi limadzicha Solar Wind Sherpas, kutengera anthu a ku Nepal amene amanyamulira katundu okwera mapiri, cifukwa ca mabokosi olemera amene amayenda nawo. M'cinenero cathu tingati amtengatenga a mphepo ya ku dzuwa.

Wina angafunse kuti kuvutikiranji conco pamene masetilaiti alipo? Zoonadi, kuyambira mu 1995 combo cochedwa SOHO cakhala cikujambula nkhata ya dzuwa, pochinga dzuwalo ndi kambale kacitsulo m'kati mwa kamera. Koma kambaleko kayenera kukhala kokulirapo kuposa dzuwa kuti kuwala kusadontheremo, ndiye kamabisanso m'munsi mwa nkhata, pomwe mphepo imabadwira. Mwezi ulibe vuto limeneli. Ndi wocepa kuwirikiza 400 poyerekeza ndi dzuwa, komanso uli pafupi nafe kuwirikiza 400, conco umaphimba nkhope ya dzuwa ndendende ngati civundikiro ca mphika wake. Munthu amakonzekera caka cathunthu, amawononga ndalama zambiri, kuti apeze mphindi zitatu, ndipo mtambo umodzi ungathe kumulanda zonse. N'cifukwa cake Zambia inawakomera: mwezi wa Juni kuno kumwamba kumakhala kopanda mitambo ya mvula.

Njira ya Habbal ndi yocokera pa mzere wobiriwira uja wa mu 1869. Citsulo cimataya maelekitironi oculuka mosiyana malinga ndi kutentha, ndipo mtundu uliwonse umawala mwa mtundu wake. Pojambula nkhata ndi makamera angapo, iliyonse yoona mtundu umodzi, munthu amapeza mapu osonyeza pamene pakutentha kwambiri ndi pamene pali pozizirirapo. Kadamsana mmodzi sakwanira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 2021 gulu lake linasindikiza zimene linapeza pa akadamsana a zaka 14, ndipo zinasonyeza kuti malo amene mphepo yokhazikika imacokera amatentha pafupifupi madigiri 1.2 miliyoni nthawi zonse, kaya dzuwa lili ndi madontho ambiri kaya ocepa. Funso lakuti n'ciyani kwenikweni cimatenthetsa nkhatayo asayansi akulimbana nalobe.

Pamene cishango capyapyala

Pali cifukwa cina cimene nkhaniyi ikutikhudzira ife a kumwera kwa Africa. Cishango ca dziko sicili colimba mofanana ponseponse. Kucokera ku South America, kudutsa nyanja ya Atlantic mpaka kumwera kwa Africa, pali dera lalikulu limene maginito ndi ofooka. Kumeneko lamba wa m'kati wa Van Allen amatsikira pafupi ndi dziko, kotero kuti makina ena oonera nyenyezi a mumlengalenga, monga Hubble, amaleka kujambula ndi zida zina podutsapo. Pa zaka 200 zapitazi mphamvu ya maginito a dziko lonse yatsika ndi pafupifupi 9 pa 100 iliyonse.

Kodi kufookaku ndi kwacilendo? Yankho linacokera m'nkhokwe. Alimi akale a m'cigwa ca Limpopo, m'malire a South Africa, Zimbabwe ndi Botswana, pa nthawi ya cilala anali kutentha nkhokwe ndi nyumba zawo zomata monga mwambo woyeretsa mudzi. Dothi likapsa kwambiri n'kuzizira, tizitsulo ta m'kati mwake timauma titaloza kumene maginito a dziko anali kuloza tsiku limenelo, ngati kampasi yowumitsidwa. John Tarduno wa ku yunivesite ya Rochester ku America, mothandizana ndi Thomas Huffman, katswiri wofukula zakale wa ku Johannesburg, anayeza zidutswa za pansi pa nkhokwe zimenezi. Mu 2015 ndi 2018 anasindikiza zosonyeza kuti maginito a dera lino anasinthapo mofulumira kangapo m'mbuyomu, monga pakati pa 1225 ndi 1550. Iwo akuganiza kuti gwero lake ndi cimwala cacikulu cotentha cimene cili pansi penipeni pa kumwera kwa Africa, pamwamba pa citsulo cosungunuka cija. Anthu otentha nkhokwe aja anali kupempha mvula, osadziwa kuti akulemba kaundula.

Makolo amenewo namondwe wa ku dzuwa sanali kuwavuta, pakuti analibe mawaya. Ife tili nawo. Dzuwa likaphulika n'kuponya mtambo wa mpweya wake kuno, maginito a dziko amagwedezeka, ndipo kugwedezekako kumabala magetsi osafunika m'waya aliyense wautali. Pa 13 Malichi 1989 cigawo ca Quebec ku Canada cinakhala mumdima maola 9, anthu 6 miliyoni opanda malaiti. Kwa nthawi yaitali akatswiri anali kuganiza kuti zotere ndi za maiko a kumpoto okha. Koma pambuyo pa namondwe wa kumapeto kwa Okutobala 2003, matiransifoma aakulu angapo a Eskom ku South Africa anayamba kuwonongeka mmodzimmodzi, ndipo Trevor Gaunt wa ku yunivesite ya Cape Town anasonyeza kuti kuwonongekako kunayamba ndi namondweyo. Tiransifoma yotere siigulidwa m'sitolo, imatenga miyezi yambiri kuti ipangidwe. Tsono kumbukirani kuti magetsi athu a kuno ku Chipata amayenda makilomita mazanamazana pa mawaya asanatifike.

Mu Febuluwale 2022 kampani ya SpaceX inaponya masetilaiti 49 a Starlink, ndipo 38 anagwa n'kupsa cifukwa kanamondwe kakang'ono kanafufumitsa mpweya wa kumwamba. Starlink yomweyo inayamba kupereka intaneti m'Zambia mu 2023. Pa 10 ndi 11 Meyi 2024 kunabwera namondwe wamkulu kuposa onse kucokera mu 2003. Kumwamba kunafiira usiku ku South Africa ndi ku Namibia, ndipo alimi ena ku America anaimitsa kubzala cifukwa GPS ya m'mathirakitala awo inasokonezeka. Mlonda wa dera lathu pa zimenezi ali ku Hermanus, kufupi ndi Cape Town, kumene akhala akuyeza maginito a dziko kuyambira mu 1941, ndipo mu Novembala 2022 anatsegulako malo ocenjeza za nyengo ya mumlengalenga ogwira nchito usana ndi usiku. Nafenso sitinatsalire kotheratu: mu 2009 asayansi a nkhani zimenezi ocokera m'maiko ambiri a mu Africa ndi kunja anacitira msonkhano wawo ku Livingstone.

Nanga Parker uja? Anakhala ndi moyo mpaka anaona zonsezi. Pa 12 Ogasiti 2018, ali ndi zaka 91, anali ku Cape Canaveral kuonerera roketi ikunyamula combo cochedwa Parker Solar Probe. Kanali koyamba kuti NASA ichule combo dzina la munthu wamoyo. Mu Epulo 2021 comboco cinalowa m'kati mwa nkhata ya dzuwa yeniyeniyo. Parker anamwalira pa 15 Malichi 2022. Pa 24 Disembala 2024 combo ca dzina lake cinadutsa makilomita 6.1 miliyoni kucokera pa nkhope ya dzuwa, pa liwiro la makilomita 692,000 pa ola, ndipo patapita masiku ocepa cinatumiza uthenga wakuti cili bwino.

Ofuna kuiona nkhatayo ndi maso awo, kadamsana wathunthu adzadutsanso kumwera kwa Africa m'mawa wa pa 25 Novembala 2030. Mthunzi udzalowera ku Namibia, n'kudutsa Botswana, South Africa ndi Lesotho. Kuno ku Chipata dzuwa lidzangolumidwa mbali imodzi, ndipo kuliyang'ana popanda magalasi oyenera kumaononga maso. Kuti muime mu mthunzi weniweniwo mudzafunika pasipoti ndi ndalama ya basi yopitirira Kazungula.